Sewero la kusukulu si kutaya nthawi

Amayi ndi abambo amene mumawerenga tsamba lino, lero tikambirane za ana anu amene ali ku sekondale.

Tsiku lina mwana wanu adzafika pakhomo mochedwerapo. Mukamufunsa kumene anali, adzati: "Amayi, tinatsalira kusukulu. Aphunzitsi ayambitsa gulu la zisudzo, ndipo ine ndikufuna kulowamo." Mwina mawu amenewa mudawamva kale. Makolo ambiri amayankha mwachidule: "Tidakutumiza kukaphunzira, osati kukasewera." Mwana amangoti zyoli, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ife tikukupemphani kuti musafulumire kukana. Maganizo athu ndi awa: zisudzo, zimene pa Chipwitikizi amati teatro, ndi phunziro lenileni. Masukulu a sekondale aziphunzitsa zisudzo mwadongosolo. Makolo azilola ana awo, anyamata ndi atsikana omwe, koma aziyang'aniranso mmene ntchitoyo ikuyendera. Tifotokoza zifukwa zathu. Tiyankhanso nkhawa zanu, chifukwa tikudziwa kuti si nkhawa zopanda mutu.

Manyazi inu mukuwadziwa

Kumbukirani tsiku loyamba limene mudalowa m'kalasi ya akuluakulu ophunzira kulemba ndi kuwerenga. Mphunzitsi adakupatsani choko kuti mulembe dzina lanu pabolodi. Dzanja lidanjenjemera. Thukuta lidatuluka ngakhale kunali kozizira. Chilembocho sichinali chovuta kwenikweni. Chovuta chinali kuimirira pamaso pa anthu, onse akukuyang'anani, inu mukuopa kuti mukalakwitsa akusekani.

Manyazi omwewo amatitsata kulikonse. Kuchipatala namwino akafunsa ngati tamva kamwedwe ka mankhwala, timagwedeza mutu chonsecho sitinamve. Wogula mbatata kapena fodya akatchula mtengo wotsika, timang'ung'udza chamumtima n'kulandira ndalamazo. Pamsonkhano wa m'mudzi timakhala kumbuyo, maganizo athu n'kumakawanenera panjira pobwerera kunyumba.

Kukhala chete kotereku kumatipweteka. Lamulo la Malo la chaka cha 1997 limati boma lisanapereke malo kwa munthu kapena kampani, anthu a m'deralo afunsidwe kaye. Msonkhano umenewu amautcha consulta comunitária. Pamsonkhanopo amalemba zimene anthu anena, ndipo oimira mudzi amasaina. Amene wangokhala duu, mawu ake salowa m'pepalalo. Mawa munda ukapita, kudandaula kumavuta.

Malamulo aakulu a dziko lathu, Constituição da República, pa ndime 48 amati nzika iliyonse ili ndi ufulu wonena maganizo ake. Koma ufulu umene munthu sanauyeserepo uli ngati khasu lopanda mpini: m'nyumba lilimo ndithu, koma sungalimire. Inu mukuphunzira kuimirira pagulu muli akuluakulu, ndipo tikukuyamikirani. Ana anu ali ndi mwayi wophunzira zimenezi akadali aang'ono. Malo abwino ophunzirira ndi pabwalo la sewero, chifukwa pamenepo mwana akalakwitsa palibe munda umene ukupita. Amangobwereza mpaka akhoze.

Kodi m'gulu la zisudzo amaphunziramo chiyani?

Ena amaganiza kuti sewero ndi kungovala zigamba, kuyenda chodzandira ngati woledzera, anthu n'kuseka. Sewero lophunzitsidwa bwino limaposa pamenepo. Taonani zimene mwana amadutsamo.

Choyamba ndi mawu. Mphunzitsi amaimika mwana mmodzi kumapeto kwa bwalo, mnzake kumapeto enawo. Woyamba alankhule, winayo amve liwu lililonse, koma popanda kukuwa. Kuti zitheke, mwana amaphunzira kukoka mpweya wambiri mpaka mimba itukuke, kutsegula pakamwa bwino, ndi kumaliza liwu lililonse osalimeza. Amaphunziranso popumira, kuti omvera agwire tanthauzo. Mwana amene wazolowera zimenezi sanong'onanso akafunsidwa funso m'kalasi.

Chachiwiri ndi thupi. Wosewera safulatira oonera pamene akulankhula. Satchinga mnzake. Amadziwa polowera ndi potulukira. Mphunzitsi amalemba mizere pansi ndi choko kapena phulusa kuti aliyense adziwe poima. Mtsikana wa zaka 15 akapatsidwa mbali ya gogo, amayamba wayang'anitsitsa agogo ake: mmene amayendera, mmene amakhalira pamphasa, mmene amagwirira ndodo. Pamenepo waphunzira kuona anthu mwachidwi ndi kuwamvetsa.

Chachitatu ndi kuwerenga ndi kulemba. Sewero limalembedwa papepala. Wosewera amawerenga mbali yake kakhumi, mwina kuposa, mpaka ailoweze pamtima. Sangainene bwino ngati sakumva tanthauzo lake, choncho amafunsa liwu lililonse lachilendo. Inu mukudziwa kuti kuwerenga kumakhazikika ndi kubwereza. M'sewero mwana amabwereza wosakakamizidwa, chifukwa akudziwa kuti Loweruka anthu adzamuonera. Ana akamalemba okha sewero amaphunzira kuyala nkhani: iyambire pati, vuto lili pati, ithe bwanji. Luso lomweli limafunika pa mayeso a Chipwitikizi, polemba kalata yofunsira ntchito, ngakhale pofotokoza mlandu kwa amfumu.

Chachinayi ndi ntchito ya kuseri. Si onse amene amaonekera pabwalo. Pali okonza malo: nsalu ziwiri zomangirira pansungwi zimasanduka khoma la nyumba, katoni yoboola imasanduka zenera la ofesi. Pali osoka zovala. Pali opanga phokoso: lata lakale ukaligwedeza limamveka ngati bingu, ukamawazapo chimanga limamveka ngati mvula. Pali woganiza za kuwala. Masana, dzuwa likhale kumbuyo kwa oonera kuti liziwalira nkhope za osewera. Ngati akusewera m'chipinda chamdima, nyali za sola aziike kutsogolo kwa osewera, chifukwa zikakhala kumbuyo oonera amangoona zithunzithunzi. Pali amene amabisala kuseri kwa nsalu atagwira pepala, kuti akumbutse mnzake akaiwala mawu. Palinso wosunga kabuku ka ndalama: tinasonkha zingati, tagula chiyani, zatsala zingati. Apa pali ukalipentala, utelala, masamu ndi kusamala katundu wa gulu. Mwana wamanyazi kwambiri angathe kuyambira kuserikuku, pabwalo n'kudzatulukira chaka chamawa.

Chachisanu ndi mwambo. Mmodzi akachedwa, sewero siliyamba. Mutu umodzi susenza denga. Mwana amaphunzira kusunga nthawi, kudikira kuti mnzake amalize kulankhula, kulandira chidzudzulo wosakwiya, ndi kuvomera mbali yaing'ono pamene iye amafuna yaikulu. Kodi si makhalidwe omwewa amene mumamuphunzitsa pakhomo?

Zisudzo si zachilendo kwa ife

Ena amati zimenezi n'zachizungu. Ayi ndithu. Agogo akamakamba nthano madzulo amasintha mawu: Kalulu ali ndi liwu lake, Njovu liwu lake, Fisi liwu lake. Ana amayankha kuti ali tonse, nyimbo ikafika n'kuvomera. Limenelo ndi sewero. Ana akamachita masanje, wina n'kukhala bambo, wina mayi, wina mfumu yoweruza mlandu, limenelonso ndi sewero.

Taganizirani za Gule Wamkulu, amene amavinidwa ku Angónia, ku Macanga, ku Chifunde ndi madera ena a chigawo cha Tete. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidalengeza kuti Gule Wamkulu wa ku Moçambique, Malawi ndi Zambia ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Chaka chomwecho lidalengezanso chimodzimodzi za timbila ya Achopi a ku Inhambane. Pabwalo la gule, zilombo zina zimaonetsa khalidwe loipa kuti anthu aseke, ndipo posekapo atolepo phunziro. Makolo athu ankadziwa kuti chimene munthu wachiona ndi maso chimakhalitsa mumtima kuposa chimene wangouzidwa.

Apa tisasokoneze zinthu. Gule ali ndi eni ake, malamulo ake ndi zinsinsi zake. Sukulu isatenge za kudambwe n'kukaziika pabwalo la ana. Ife tikungonena kuti mtundu umene uli ndi bwalo, ng'oma, nyimbo ndi oonera ovomera sunganene kuti zisudzo zidabwera ndi sitima.

M'mizinda yathu mulinso anthu amene zisudzo ndiyo ntchito yawo. Mu 1986 ku Maputo kudabadwa gulu la Mutumbela Gogo, lotsogozedwa ndi Manuela Soeiro, limene nyumba yake ndi Teatro Avenida. Mlembi wa mabuku wa ku Sweden, Henning Mankell, adagwira ntchito ndi gululi zaka zambiri. Mu 1992 Gilberto Mendes adayambitsa gulu la Gungu. Ku yunivesite ya Eduardo Mondlane kuli Escola de Comunicação e Artes, kumene munthu amaphunzira zisudzo mpaka kulandira digiri. Ambiri mudamvapo sewero la Ouro Negro pa Rádio Moçambique. Kuti limveke pawailesi yanu, pali amene adalilemba, amene adalisewera ndi amene adalijambula mawu.

Boma nalonso limadziwa zimenezi. Ndondomeko ya maphunziro a sekondale imene idatuluka mu 2007 idatchula phunziro la Artes Cénicas, kutanthauza luso la pabwalo la sewero. Koma dzina la phunziro likalembedwa m'buku la boma, sindiye kuti mwana wa ku Dómuè kapena ku Furancungo waliphunzira. Pamafunika mphunzitsi wodziwa, nthawi yake, ndi makolo ovomera.

Sewero limene oonera amalowamo

Pali mtundu wina wa sewero umene tikufuna muudziwe, chifukwa uli pachibale ndi sukulu yanu ya akuluakulu. Ku Brasil kunali mphunzitsi wa akuluakulu dzina lake Paulo Freire. Iye ankaphunzitsa kuti munthu wamkulu akamaphunzira kuwerenga zilembo, aziphunziranso kuona zimene zikumupondereza pa moyo wake. Munthu wina wa m'dziko lomwelo, Augusto Boal, adatenga maganizo ofanana ndi amenewa n'kuwaika m'zisudzo. Njira yake adaitcha Teatro do Oprimido, kutanthauza zisudzo za anthu oponderezedwa. Mu 1973 Boal adagwiritsa ntchito zisudzo m'dziko la Peru, pakati pa akuluakulu amene ankaphunzira kulemba ndi kuwerenga monga inu. Kuno kwathu gulu la Grupo de Teatro do Oprimido la ku Maputo lakhala likuphunzitsa anthu njira imeneyi.

Imayenda motere. Tiyerekeze kuti ana a sekondale akonza sewero lalifupi. Mtsikana wa zaka 14 ali kalasi 8. Chaka chimenecho mvula yavuta, nkhokwe ili mbee. Munthu wina wageni wabwera ndi matumba a chimanga, akufuna mtsikanayo akhale mkazi wake. Atsibweni avomera. Bambo avomera. Mtsikana akulira, mayi ali chete. Sewero likuthera pomwepo, poipa.

Kenaka wotsogolera, amene amamutcha curinga, amatembenukira kwa oonera n'kufunsa: "Kodi zimenezi zimachitika kuno? Mayiyu akanatani?" Munthu akayankha ali chikhalire, wotsogolera amati: "Bwerani mudzationetse." Munthuyo amadzuka, kuvala mpango wa mayi uja, sewero n'kuyambiranso. Osewera enawo samufewetsera. Atsibweni amakanabe, wageni amaonjezera matumba. Woonera wina amayesa kupita kwa amfumu. Wina amayesa kwa mkulu wa sukulu. Wina amaitana amayi a mpingo, wina amapita kupolisi. Anthu amaona ndi maso awo njira imene ikutheka ndi imene ikukanika. Amene walankhula pabwalo lero, tsiku limene zidzachitikire mwana wa mlongo wake sadzasowa poyambira.

M'sewero lotere malamulo amatuluka m'mabuku n'kufika pansi pa mtengo wa mango. Lamulo nambala 19 la chaka cha 2019 limaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Wamkulu wokwatira mwana angathe kupita kundende, chimodzimodzinso achibale amene apereka mwanayo. Lamulo la maphunziro la chaka cha 2018 limati mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9. Kuyambira kumapeto kwa 2018, mtsikana woyembekezera sakakamizidwanso kusamukira ku sukulu ya usiku. Zonsezi zidalembedwa m'Chipwitikizi chovuta, m'mapepala amene ambiri a ife sitidzawagwira. Koma ana khumi okhala ndi nsalu ziwiri ndi ng'oma imodzi angathe kuzifikitsa kwa mudzi wonse tsiku limodzi.

Tiyankhe nkhawa zanu

Mumati: "Adzalephera mayeso." Zingatheke, ngati gulu lilibe malire. N'chifukwa chake tikuti sukulu iike masiku odziwika, mwachitsanzo kawiri pa sabata, ola limodzi kapena awiri. Mayeso akayandikira, kuyesera sewero kuime. Funsani masiku amenewa ndipo muwalembe pakhoma. Mukaona kuti mwana wayamba kubwerera m'mbuyo m'kalasi, kambiranani ndi mphunzitsi msanga.

Mumati: "Nanga ntchito za pakhomo agwire ndani?" Zoona, nthawi yopalira ndi yokolola manja amafunika. Gwirizanani ndi mwana masiku amene adzakhale kumunda. Koma tiyeze ndi muyeso umodzi. Ngati mnyamata mumamulola kukasewera mpira madzulo aliwonse, musamane mlongo wake maola awiri a zisudzo chifukwa cha mtondo ndi chitsime. Mnyamatayo nayenso angathe kutunga madzi.

Mumati: "Mwana wamkazi adzalowerera." Nkhawa imeneyi ndi yaikulu, ndipo sitikuipeputsa. Choopsa chimakhala pamene munthu wamkulu watsala yekha ndi mwana m'chipinda chotseka, kapena pamene mwana akuyenda mtunda wautali kutada. Choncho pakhale malamulo. Aziyesera masana, pamalo oonekera, n'kuweruka dzuwa likadalipo. Pakhale mphunzitsi wamkazi kapena mayi wosankhidwa ndi makolo. Mphunzitsi asaitanire mwana mmodzi kunyumba kwake, ati kukayesera mbali yake. Gulu likamapita kukasewera kwina, makolo adziwe kumene likupita, woperekeza ndani, ndi nthawi yobwerera. Mwana akakuuzani kuti wamkulu wina akumuvuta, mukhulupirireni. Kanenani kwa mkulu wa sukulu, ku Conselho de Escola kapena kupolisi. Mungathenso kuimba nambala ya 116, ya Linha Fala Criança, imene ndi yaulere. Tichotse wolakwayo, mwana apitirize kuphunzira.

Mumati: "Kodi sewero adzadya?" Sitikunamizani. Anthu amene amapeza chakudya ndi zisudzo zokha ndi ochepa. Koma si onse ophunzira masamu amene amakagwira ntchito kubanki, chonsecho masamu amathandiza aliyense pamsika. Mphunzitsi, namwino, mlangizi wa ulimi, muulutsi wa pawailesi, mlaliki, wamalonda, wapampando wa gulu la alimi, onsewa ntchito yawo imafuna kuima pamaso pa anthu ndi kumveka.

Mumati: "Ana adzatinyoza pagulu." Apanso pakhale malire. Sewero lisatchule dzina la munthu weniweni wa m'mudzi, kapena kumutsanzira mwakuti aliyense amuzindikire. Lisaseke olumala, anthu achialubino, odwala, mtundu wa anthu ena kapena chipembedzo chawo. Lisasanduke msonkhano wa chipani. Koma ngati ana aonetsa bambo amene wamwera mowa ndalama za feteleza, kapena wa muofesi amene akufuna kangachepe asanadinde pepala, ndipo ife zatiwawa, tisathamangire kutseka gulu. Tiyambe tadzifunsa chifukwa chake zatiwawa. Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso.

Pempho lathu kwa akuluakulu a maphunziro

Kwa a Unduna wa Maphunziro ndi oyang'anira masukulu m'maboma, tikuti: phunzitsani aphunzitsi. Pafupifupi pasukulu iliyonse pali mphunzitsi amene amakonda zisudzo koma sadaphunzitsidwe njira yake. Maphunziro aafupi pa nthawi ya tchuthi angamuthandize kwambiri. Ikani nthawi ya zisudzo pa ndandanda ya sukulu, kuti isamakhale ntchito yobera. Konzani tsiku limene masukulu oyandikana azikumana ndi kuonetsana masewero awo. Musadikire kuti mumange holo. Mthunzi wa mtengo ndi bwalo losesa bwino n'zokwanira poyambira.

Kwa aphunzitsi tikuti: lolani ana asewere m'zilankhulo zonse ziwiri. Ndime 10 ya Constituição imati Chipwitikizi ndicho chilankhulo cha boma. Ndime 9 imati boma limalemekeza zilankhulo zathu ngati chuma cha chikhalidwe ndi cha maphunziro. Kuno ku Tete nkhaniyi si yatsopano. Kuyambira 1993 mpaka 1997, pamene boma linkayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, lidasankha Chichangana ku Gaza ndi chilankhulo chathu, chimene m'mabuku a boma chimalembedwa kuti Cinyanja, ku Tete. Sewero la m'Chipwitikizi limamasula lilime la mwana pa chilankhulo cha mayeso. Sewero la m'Chichewa limafika kwa agogo amene akhala kumbuyo. Sewero losakaniza zonse ziwiri limafanana ndi moyo wathu, chifukwa ndi mmene timalankhulira pamsika ndi kuchipatala.

Musamakumbukire gulu la zisudzo pokhapokha kukubwera alendo, kapena pa 1 Juni ndi pa 25 Juni pokha. Musamapatse ana uthenga wolembedwa kale kuti angoulakatula ngati zinkhwe. Sewero lolalikira kuyambira poyamba mpaka pomaliza limatopetsa, ndipo anthu amabalalika lisanathe. Alekeni ana afufuze nkhani m'mudzi mwawo, alembe okha, inu muziwongola. Aziseweranso nkhani zoseketsa, za chikondi, za Kalulu ndi Fisi, chifukwa chisangalalo nachonso ndi chofunika pa moyo wa mwana. Mbali zikuluzikulu zisamapite kwa ana omwewo chaka ndi chaka. Ndipo mtsikana asamangopatsidwa mbali yophika ndi yolira. Akhalenso dokotala, woweruza kapena mfumu.

Zimene inu mungachite

Pasukulu iliyonse ya boma payenera kukhala Conselho de Escola, bungwe limene mumakhala makolo, anthu a m'dera, aphunzitsi ndi ophunzira. Kuti mulankhule pamsonkhano wa makolo sipafunika satifiketi. Mukapita, funsani mafunso atatu. Kodi pasukulu pano pali gulu la zisudzo? Akuliyang'anira ndani, ndipo amakumana masiku ati? Pali malamulo otani oteteza ana athu? Ngati gulu palibe, funsani chimene chikusowa kuti liyambe. Tsiku la 27 Malichi ndi tsiku lokumbukira zisudzo pa dziko lonse. Mungapemphe kuti chaka chilichonse pa tsikuli ana aonetse makolo zimene akonza.

Muli ndi zambiri zoti mupereke, ngakhale mulibe ndalama. Nsalu yakale, chipewa, nsungwi, ng'oma. Koposa zonse muli ndi nkhani. Amene mudaona nkhondo imene idatha mu 1992, amene mudathawira ku Malawi n'kubwerera kudzamanganso midzi, mukusunga mbiri imene ana anu sakuidziwa bwino. Mwana akabwera kudzafunsa kuti alembe sewero, mukhazikeni pansi mumuuze. Amene mumadziwa nthano ndi nyimbo zakale, pitani mukaphunzitse gululo tsiku limodzi.

Palinso ntchito ina imene ikuyenera inu amene mukuphunzira kuwerenga. Wosewera aliyense amafuna munthu womugwirira pepala pamene akuloweza mawu. Madzulo mukatha kudya, tengani pepala la mwana wanu. Iye azinena mbali yake pamtima, inu muzitsatira ndi chala mzere ndi mzere. Akadumpha liwu, mukumbutseni. Inu mukakakamira pa liwu lovuta, iye akuthandizeni. Poyamba mudzapita pang'onopang'ono, ndipo mwina mudzasekana. Palibe kanthu. Pofika tsiku la sewero, iye adzakhala ataloweza mbali yake, inu mutawerenga masamba angapo amene simukanawawerenga.

Tsikulo likafika, siyani khasu kwa maola awiri mupite mukaonere. Khalani kutsogolo. Mwana amene akuona mayi ake kapena bambo ake pakati pa oonera amalimba mtima. Wotsogolera akafunsa kuti ndani abwere adzationetse, musayang'ane pansi. Mudaimirira kale pabolodi ndi choko m'manja, pabwalo simungalephere.

Choncho mwana wanu akadzafika pakhomo n'kunena kuti akufuna kulowa m'gulu la zisudzo, musamubweze ndi mawu amodzi. Mufunseni kuti: "Mumayesera masiku ati, ndipo akukuphunzitsani ndani?" Akayankha bwino, muuzeni kuti: "Chabwino mwanangu. Mawa ubwere nalo pepalalo, tidzawerengere limodzi."